Nkhope za pa Kambwe

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tiyambire kutali pang'ono. Ku Australia kuli mpikisano wojambula nkhope za anthu ndi penti, dzina lake Archibald Prize. Unayamba mu 1921 ku Sydney. Chaka chilichonse zithunzi zofika m'ndime yomaliza amazipachika poyera, ndipo anthu amakangana nazo ngati mmene ife timakanganira za Bullets ndi Wanderers. Koma tamvani izi: Mwaborijini woyamba kupambana, Vincent Namatjira, anapambana mu 2020. Eni nthaka anadikira zaka 99.

Nditamva zimenezi maganizo anga anathamangira ku Karonga.

Mbiri ya Mlozi mukuidziwa, mkulu wogula ndi kugulitsa akapolo uja amene anamanga linga lake ku Mpata. Mu 1887 asilikali ake anathamangitsa Angonde mpaka ambiri anakabisala m'bango pa thamanda la Kambwe, kumpoto kwa boma la Karonga. Adaniwo anayatsa bangolo. Wothawa moto anakumana ndi mkondo, wothawira m'madzi anakumana ndi ng'ona, ndipo otsala anatengedwa ukapolo. Nkhondo inapitirira mpaka mu Disembala 1895 pomwe Harry Johnston anagwetsa lingalo, Mlozi n'kunyongedwa.

Chimene ambiri sitinaphunzitsidwe kusukulu n'chakuti Johnston yemweyo anali katswiri wojambula. Anaphunzira lusoli ku Royal Academy ku London asanabwere kuno. Buku lake la mu 1897, British Central Africa, n'lodzaza ndi zithunzi: mbalame, mitengo, nyama, anthu. Nkhope yake iye mwini inajambulidwa ndi penti ndipo imasungidwa ku National Portrait Gallery. Mlozi naye dzina lake lili m'buku lililonse la mbiri ya dziko lino.

Nanga mayi uja analowa m'bango mwana ali kumbuyo? Mphumi yake inali yotani? Anali ndi mpata m'mano? Palibe anamukhazika pampando n'kumuyang'anitsitsa masiku atatu, burashi ili m'manja. Sitikumudziwa ngakhale dzina.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Johnston analakwa kujambula. Ndikuti amene wagwira burashi ndiye amasankha nkhope yoti itsale. Amene munakula nthawi ya Kamuzu mukukumbukira chithunzi chimodzi chija m'sitolo iliyonse ndi muofesi iliyonse, chopachikidwa pamwamba pa zonse. Yatuta Chisiza, mwana wa ku Karonga komweko amene anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzalimbana ndi boma, ndani akanayerekeza kumupachika pakhoma?

Chondiseketsa ndi chondiwawa nthawi imodzi n'chakuti mukalowa mu myuziyamu ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, Malawisaurus akukulandirani ali chiimire, mutu ndi mchira womwe. Akatswiri anatolera mafupa ake n'kumubwezera thupi patapita zaka mamiliyoni. Chinyama chakale chija chili ndi nkhope lero, anthu a 1887 alibe.

Tili ndi ojambula m'gulu muno, ndimaona zimene mumaponya. Zidzukulu za anthu opulumuka pa Kambwe zilipo, zikulima mpunga wa kilombero, zikuwedza usipa, zikuvina mapenenga. Chibwano chija, maso aja, zilipo pa nkhope ya gogo wina kumeneko. Kuchokera pa boma si patali, kabaza amafika. Ndani apite akapemphe gogoyo kuti akhale pampando?