Mbiri ya Kasamalidwe ka Odwala Khansa

Aphunzitsi ndi ana asukulu, tauni ya Kabwe, imene kale inkatchedwa Broken Hill, mumaidziwa chifukwa cha njanji ndi mgodi wake wa mtovu umene unatsekedwa mu 1994. Lero tifunsa funso lina la tauni yomweyi: munthu wa ku Kabwe akadwala khansa amasamalidwa motani, ndipo nzeru zomusamalira zinachokera kuti?

Khansa imayamba pamene tizigawo ting'onoting'ono ta thupi tichulukana mosalekeza, kawirikawiri n'kupanga chotupa. Munthu satenga khansa pogwira wodwala, pomusambitsa kapena podya naye mbale imodzi. Ikapezeka msanga, nthawi zambiri imachizika. Koma kale anthu ochuluka ankafika kuchipatala nthenda itakula, ndipo ankabwerera kumudzi kukavutika ndi ululu popanda chithandizo.

Maziko a unamwino wa masiku ano anaikidwa ku England. Mu 1859 Florence Nightingale analemba buku lophunzitsa kuti wodwala amafuna mpweya wabwino, kuwala, ukhondo, chakudya choyenera ndi bata. Patapita zaka zoposa 100, Cicely Saunders, amene anayamba monga namwino asanakhale dokotala, anatsegula nyumba ya St Christopher's ku London mu 1967, yosamalira odwala amene sakanachira. Iye anaonetsa kuti mankhwala oletsa ululu, monga mofini, ayenera kuperekedwa pa maola ake, osadikira kuti wodwala ayambe kubuula. Anaphunzitsanso kuti ululu suli m'thupi mokha, pakuti mantha, kusungulumwa ndi nkhawa ya ana otsala zimapwetekanso.

Nzeru zimenezi zinafika kuno kwathu pang'onopang'ono. Mu 1979 bungwe la Island Hospice linayamba ntchito yotere mu mzinda umene lero ndi Harare. Mu 1986 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linafalitsa malangizo a kaperekedwe ka mankhwala a ululu wa khansa, kuyambira ofooka kufikira amphamvu. Mu 1987 chipatala cha Chikankata, kumwera kwa Zambia, chinayamba kuyendera odwala Edzi m'makomo mwawo ndi kuphunzitsa abale kuwasamalira, ndipo njirayi inafalikira m'dziko lonse. Pomaliza, mu 2007, chipatala cha Cancer Diseases Hospital chinatsegulidwa ku Lusaka. Izi zisanachitike, wofuna chithandizo cha makina owotcha chotupa ndi cheza ankatumizidwa kunja, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo ndi ochepa okha amene ankapeza mwayiwo.

Kuchokera ku Kabwe kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 140. Wodwala akhoza kukalandira chithandizo kumeneko, koma masiku ochuluka a kudwala kwake amakhala kunyumba, ku Bwacha kapena ku Makululu, m'manja mwa abale ake. Nchifukwa chake banja liyenera kudziwa zimene namwino amadziwa.

Zimenezo ndi izi. Wodwala amene sangathe kudzuka atembenuzidwe maola awiri alionse, kuti asatuluke zilonda pamsana ndi m'chiuno. Zofunda zake zikhale zouma ndi zoyera. M'kamwa mwake mutsukidwe ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Apatsidwe chakudya chofewa, monga phala la nsinjiro, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, pamodzi ndi madzi akumwa. Mankhwala amwe pa nthawi imene adokotala ananena. Womusamalira asambe m'manja ndi sopo asanamugwire ndiponso atamugwira. Wodwala akatentha thupi, makamaka pamene akulandira mankhwala a khansa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanu ana muli ndi gawo lanu. Mukhoza kutunga madzi, kusesa m'chipinda, kutsegula zenera, ndi kukhala pafupi ndi agogo kapena azakhali anu, kuwafotokozera zimene mwaphunzira kusukulu. Musawathawe, ndipo musamvere onena kuti alodzedwa.

Aphunzitsi, pezani ndi ana Kabwe, Lusaka ndi Harare pa mapu, ndipo alembe pa bolodi zaka zimene tatchulazi motsatana. Kenaka afunseni kuti mwa ntchito zonsezi, ndi iti imene aliyense wa iwo angaigwire kwawo lero madzulo.