Superman akakhalapo, enawo agwire ntchito yanji?

Chakumapeto kwa 1940, Gardner Fox analemba nkhani yoyamba ya Justice Society of America m'kabuku ka zithunzi ka All Star Comics nambala 3. Pa tebulo limodzi anakhazikapo Spectre, mzimu wotha kuchita pafupifupi chilichonse, ndi Atom, kamnyamata kakafupi kongodalira zibakera. Awiriwa angamenye bwanji nkhondo imodzi popanda wamng'onoyo kusanduka woonerera? Funso limeneli alembi a nkhani za ngwazi ku America akulimbana nalobe.

Fox analizemba. M'kabuku koyambako ngwazizo zinkangosimbirana zimene aliyense anachita payekha. M'timabuku totsatira zinkakumana poyamba, n'kubalalika, aliyense kukathana ndi mdani wa msinkhu wake, n'kudzakumananso pomaliza. Superman ndi Batman anali mamembala aulemu chabe. Wonder Woman, yemwe akanatha kunyamula ambiri mwa amunawo ndi dzanja limodzi, anamupatsa ntchito ya ulembi wa gulu.

Njira yachiwiri inali yopatsa wamphamvu aliyense chomufooketsa. Mwala wa kryptonite, wofooketsa Superman, unayambira m'sewero la pa wailesi mu 1943, n'kulowa m'timabuku mu 1949. Pamene Justice League of America inkayamba mu 1960, mphete ya Green Lantern inkalephera pa chinthu chachikasu, Martian Manhunter ankafooka ndi moto, Aquaman sankatha ola lathunthu kunja kwa madzi. Kwa ine umenewu unali ulesi. Mwala wochokera ku dziko lakutali lomwe linaphulika unayamba kupezeka ngati tomato pamsika, kambava aliyense ali ndi kachidutswa kake m'thumba.

Ku kampani ya Marvel, Stan Lee ndi Jack Kirby anaika kufooka mumtima mwa munthu. A Fantastic Four a mu 1961 ankakangana okhaokha, ndipo Thing ankadana ndi thupi lake lamiyala lomwe linkamupatsa mphamvuzo. Mu Avengers, yomwe inayamba mu 1963, Hulk anachoka m'gululo m'kabuku kachiwiri kenikeni chifukwa anzake sankamukhulupirira. Mu 1965 Lee anachotsa ziphona zonse zotsala, n'kusiya Captain America ndi atatu omwe kale anali kumbali ya zigawenga: Hawkeye wa uta ndi mivi, Quicksilver ndi Scarlet Witch. Gulu lofooka chotero linayenera kupambana ndi nzeru, ndipo wowerenga anayamba kuchita mantha kuti mwina ligonja.

Koma amene anafika pa tsinde la nkhaniyi ndi Chris Claremont mu X-Men. Jean Grey atasanduka Phoenix, mphamvu zake zinaposa za gulu lonse kuphatikiza pamodzi. Claremont ndi John Byrne sanamufunire mwala womufooketsa. Anasandutsa kuchuluka kwa mphamvuko kukhala nkhani yeniyeniyo: Jean anameza nyenyezi, zamoyo mabiliyoni za pa dziko loyandikana nayo n'kufa. Mkonzi wamkulu Jim Shooter anakana zoti mlandu wotere ungotha ndi kumulanda mphamvu, choncho mu 1980, m'kabuku nambala 137, Jean anafa. Patapita zaka zochepa Claremont anatembenuza zinthu. Storm, wolamula mvula, mphepo ndi mphenzi, anataya mphamvu zonse mu 1984 atawomberedwa ndi chida chochotsa mphamvu. Anachoka m'gulu kwa kanthawi, koma anabwereranso. M'kabuku nambala 201 analimbana ndi Cyclops polimbirana utsogoleri, ndipo anapambana pomutsomphola magalasi otchinga mphamvu yotuluka m'maso mwake, luso la mwana amene anakulira kupisa m'matumba m'misewu ya Cairo. Apa zinaoneka kuti malo a munthu m'gulu amachokera pa chimene iye yekha angachite, ngakhale chitakhala chaching'ono.

Kampani ya DC, eni ake a Superman, inayesabe kudula mphamvu. Mu 1986 Byrne analembanso Superman kuyambira pachiyambi, n'kumuchotsera nyonga zokankha maiko. Grant Morrison, poyambitsanso Justice League m'kabuku ka JLA mu 1997, anakana njira imeneyi. Anabweza ziphona zonse zisanu ndi ziwiri za gululo n'kukulitsa adaniwo, kuti ntchito ichuluke mpaka aliyense apeze yake. M'nkhani yoyamba Superman anagwidwa, ndipo Batman, wopanda mphamvu yodabwitsa ngakhale imodzi, ndiye anazindikira kuti adaniwo ndi a ku Mars n'kuwagonjetsa ndi moto. Mankhwalawa nawonso anapitirira muyeso, chifukwa kuyambira pamenepo Batman anakhala munthu wosagonja, wokonzekera chilichonse. Mark Waid anaona zimenezi. Mu Tower of Babel ya mu 2000, zinaululika kuti Batman ankasunga mwachinsinsi njira zogonjetsera mnzake aliyense. Mdani wake Ra's al Ghul anaba mapulaniwo n'kugwetsa nawo gulu lonse, ndipo atachira anzakewo anachita kuvota ngati Batman akhalebe pakati pawo.