Chimanga ndi Kachewere Zinachokera Kuti?

1. Pa Lizulu

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 amapadziwa pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off. Basi ikangoima, anthu amatsika kukagula kachewere, tomato, nyemba ndi chimanga chootcha. Ambiri timati izi ndi mbewu za makolo athu. Ndi zathudi, pakuti thukuta lake ndi lathu. Koma zaka 600 zapitazo mu Africa monse munalibe phesi la chimanga ngakhale limodzi. Munalibe kachewere, mbatata, chinangwa, mtedza, nyemba, maungu, tomato, tsabola ngakhale fodya. Zonsezi kwawo ndi ku America, kutsidya kwa nyanja yamchere ya Atlantic.

2. Nanga makolo ankadya chiyani?

Nsima inalipo kale, koma inali ya mapira ndi mawere. Ndiwo zinali khobwe, nzama, therere, nyama, nsomba ndi masamba a m'tchire. Ankakumba chilazi, ankalima mavwende ndi chitowe. Mapira akayamba kucha, ana ankaswera pa nsanja m'munda kuthamangitsa mbalame. Mawere sanatitaye: mpaka lero chimera chake ndicho chimakometsa thobwa ndi mowa wa masese.

3. Zombo za Azungu

Mu 1492 Christopher Columbus ananyamuka ku Spain ndi zombo zitatu. Ankafuna njira ya panyanja yopita ku India, koma anakatulukira kuzilumba za ku America. Kumeneko anapeza anthu, eni ake a dziko, ali ndi minda yawo. Mpwitikizi Vasco da Gama anazungulira kum'mwera kwa Africa n'kufika ku Mozambique mu 1498. Patangopita zaka ziwiri, Apwitikizi ena anafika ku Brazil.

Kuyambira pamenepo zombo zinkayenda pakati pa Brazil, Portugal, Africa ndi India. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ankagula golide ndi minyanga, ndipo pambuyo pake anachita malonda ndi mafumu a Amaravi. Mbewu zatsopano zinatsata njira zomwezo za malonda. Sizinabwere tsiku limodzi. Zinkapatsiranidwa dzanja ndi dzanja, mudzi ndi mudzi. Pamene David Livingstone ankafika kwa Amang'anja a ku Shire mu 1859, anapeza chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza ndi fodya zili kale m'minda, pamodzi ndi mapira.

4. Zimene zinapita ku America

Azungu anatengera kumeneko ng'ombe, akavalo, nkhosa, mbuzi, nkhumba, tirigu ndi nzimbe. Anatengeranso matenda. Nthomba ndi chikuku zinali zachilendo ku America, choncho matupi a anthu analibe chitetezo. Mu 1520 nthomba inagwa mu mzinda waukulu wa Tenochtitlan ku Mexico, ndipo chaka chotsatira Mzungu wina, Hernán Cortés, anaulanda mzindawo anthu ake atafooka. M'madera ena, mwa anthu khumi ankatsala mmodzi kapena awiri.

Eni dziko atatha chonchi, Azungu anasowa antchito m'minda ya nzimbe, fodya ndi thonje. Maso awo anagwera ku Africa. Anthu oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo ngati akapolo, ndipo dziko limene linalandira ochuluka ndi Brazil. M'zaka za m'ma 1800 ena ambiri ankakwezedwa pa doko la Quelimane, atagwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi madera ozungulira. Anali anthu a mbali yathu ino. Anali ndi maina, mitundu ndi manda a makolo awo. Brazil inathetsa ukapolo mu 1888.

Izi n'zowawa, koma tiyenera kuzidziwa. Njira imene inatibweretsera chimanga ndi yomweyo imene inatilanda abale. Iwowo sanapite chimanjamanja. Khobwe, therere ndi mapira zinamera ku America, ndipo ng'oma ndi magule a ku Brazil ndi Cuba zikumvekabe Chiafirika.

5. Chimanga chilanda malo

Angoni a Maseko anakhazikika kuzungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, kenako anafalikira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Anali anthu a ng'ombe, mkaka ndi mowa. Nthawi imeneyo chimanga chinali mbewu imodzi chabe pakati pa zinzake. Chinadzakhala chakudya chenicheni cha pafupifupi banja lililonse m'zaka za m'ma 1900.

Zifukwa zake mlimi aliyense amazidziwa. Chimanga chili ndi makoko, ndiye mbalame sizichivutitsa ngati mapira. Chimacha msanga, ndipo mondokwa amapulumutsa banja nkhokwe zikauma. Mvula ikagwa bwino, chimadzaza nkhokwe kuposa mawere. Vuto lake n'lakuti ng'amba sichipirira, ndipo chimafuna nthaka yachonde. Njala ya 1949 ndi ya 2002 akuluakulu saziiwala.

Amayi ndiwo anazisandutsa mbewuzi kukhala zathu. Anakonola chimanga mu mtondo, naviika mphale, napeza ufa woyera. Anasinja mtedza n'kutendera nkhwani. Masamba a chinangwa anakhala chigwada, a mbatata kholowa, a nyemba khwanya. Futali ndi mbatata ndi nsinjiro, zonse za ku America, koma kaphikidwe kake ndi ka kuno.

6. Kachewere

Kachewere kwawo ndi kumapiri ozizira a Andes, ku Peru ndi Bolivia. Anayamba wapita ku Ulaya, ndipo kuno anabwera ndi Azungu. N'chifukwa chake amachita bwino kumtunda kozizira monga ku Tsangano, osati kuchigwa chotentha cha Bwanje. Ku Ireland anthu osauka ankadalira kachewere yekha. Mu 1845 chiwawu chinagwa m'minda yawo, ndipo m'zaka zochepa anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. Chiwawu chomwecho ndicho chimawotcha masamba a kachewere ndi tomato kuno nthawi ya chinyontho.

7. Nzeru imene inatsalira

Anthu a ku Mexico anayamba kulima chimanga zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Iwo asanachipere amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa. Akatero, thupi limatha kutenga vitamini wina amene amabisika mu njere. Mbewu inaoloka nyanja, koma nzeru iyi inatsalira. Ife phulusa timachezera chidulo cha therere, osati kuphikira chimanga.

Munthu akamadya nsima yokha popanda ndiwo zabwino amasowa vitaminiyu n'kudwala pelagira. Khungu limada ndi kukakala pamene pamaomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonezeka. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, boma la Ntcheu linasunga othawa kwawo ambiri. Mu 1990 othawa kwawo zikwizikwi m'Malawi muno anadwala nthendayi, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mtedza, nyemba, khobwe, mazira ndi usipa zimateteza. Nsinjiro mu ndiwo si zokometsera chabe.

8. Tizilombo nato tinaoloka

Matekenya kwawo ndi ku South America. Anafika ku Angola pa chombo mu 1872, ndipo pofika m'ma 1890 anali atalowa m'zala za anthu kuno. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire ndi wa ku South America komweko. Nankafumbwe wamkulu, uja amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, anachokera ku Central America kudzera ku Tanzania.

Mlendo waposachedwa ndi ntchemberezandonda za mtundu watsopano. Zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a m'dziko muno ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Zimabisala mu nsonga ya chimanga, n'kumadya masamba anthete. Alangizi amati tiziyendera munda kawirikawiri chimanga chikadali chaching'ono, tiziphwanya mazira ndi kupha mbozi zisanakule. Alimi ena amathira mchenga kapena phulusa mu nsongamo. Ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi.