Deep Listening

Deep Listening ndi njira yopekera ndi kuimbira nyimbo imene imaika kumvetsera patsogolo pa kuimba. Dzinali limatanthauza kumvetsera mozama. Anaiyambitsa ndi Pauline Oliveros, mayi wa ku America wopeka nyimbo komanso katswiri woimba akodiyoni, yemwe anabadwira ku Houston mu 1932 ndipo anamwalira mu 2016.

Mfundo yake

Oliveros ankasiyanitsa kumva ndi kumvetsera. Kumva kumangochitika kokha, chifukwa makutu satsekeka ngati maso. Kumvetsera ndi ntchito imene munthu amachita mwadala, ndipo angathe kuiphunzira. Iye ankaphunzitsa kumvetsera kwa mitundu iwiri: kulunjika pa phokoso limodzi, ndi kutchera khutu ku zonse zomveka pamalo nthawi imodzi, ngakhale mpweya umene munthu akupuma. Woimba amayamba wamvetsera, ndipo zimene wamvazo ndi zimene zimamuuza choti aimbe.

Chiyambi

Mu 1953 Oliveros analandira mphatso ya makina ojambulira mawu pa tepi. Ataika maikolofoni pawindo n'kumvetsera zimene anajambula, anapezamo phokoso lambiri limene sanalizindikire pamene linkachitika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anagwira ntchito ndi Morton Subotnick ndi Ramon Sender ku San Francisco Tape Music Center, kumene ankapanga nyimbo ndi makina a magetsi. Ankadutsitsa tepi imodzi m'makina awiri: oyamba ankajambula, achiwiri ankaliza zomwezo patapita masekondi angapo. Motero iye ankaimba poyankha phokoso lake lomwe likamabwerera. Nyimbo za Bye Bye Butterfly ya mu 1965 ndi I of IV ya mu 1966 anazipanga motere.

Akuphunzitsa pa yunivesite ya California ku San Diego, analemba Sonic Meditations mu 1971. Awa ndi malangizo olembedwa m'mawu wamba, opanda zizindikiro za nyimbo, kotero kuti ngakhale munthu amene sanaphunzire zoimbaimba angathe kuwatsatira. M'gawo lina, anthu amakhala mozungulira, aliyense n'kumatsatira kapumidwe kake mpaka mpweyawo utasanduka mawu.

Nyimbo ya m'thanki

Dzina la Deep Listening linabwera mu 1988. Oliveros, Stuart Dempster woimba lipenga la trombone, ndi woimba wina Panaiotis anatsikira m'thanki yaikulu yopanda madzi, ya pansi pa nthaka, ku Fort Worden m'boma la Washington. Thankiyo ndi yakuya mamita pafupifupi 4, ndipo phokoso limamvekabe m'menemo kwa masekondi 45 woimba atasiya kale. Woimba wopupuluma akanangosokoneza zonse. Aliyense ankayenera kudikira, kumvetsera anzake ndi thankiyo, kenako n'kuwonjezera pang'ono. Chimbale chimene anajambula kumeneko chinatuluka mu 1989 ndi dzina lomweli, ndipo atatuwa anayambitsa gulu la Deep Listening Band.

Kufalikira kwake

Mu 2005 Oliveros anatulutsa buku lofotokoza njirayi, lotchedwa Deep Listening: A Composer's Sound Practice. Masiku ano maphunziro ake amayendetsedwa ndi Center for Deep Listening pa sukulu ya ukachenjede ya Rensselaer Polytechnic Institute ku Troy, m'boma la New York, kumene iye anaphunzitsa m'zaka zake zomaliza.