Anthu Oukitsa Maseva a Magemu

Kumbuyo kwa PlayStation 2 yopyapyala ija, imene Sony inatulutsa mu 2004, kuli kabowo kolowetsamo waya wa intaneti. Anyamata amene amapikisana pa mpira wa PES m'tinyumba ta magemu, kuchokera pa Mpamba, kudutsa ku Limphasa mpaka ku Chintheche ndi Kande, ambiri sanalowetsepo kanthu m'kabowoko, moti munangodzaza fumbi. Kuno kusewera n'kukhala pabenchi limodzi, mapadi awiri, wogonja n'kusiyira wina malo. Makinawa amatipeza atatopa kale, ena m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ena m'katundu wa kaunjika, ndipo pofika kuno n'kuti eni ake atazimitsa kalekale kompyuta imene kabowo kaja kanapangidwira kulankhula nayo.

Kompyuta imeneyo ndiyo seva. Imafunsa wosewera kuti ndi ndani, imamupezera mnzake wopikisana naye, imasunga zigoli. Wogula gemu amapita kwawo ndi diski, koma theka lina la gemuyo limatsala m'nyumba ya kampani, ndipo kampani ikaona kuti magetsi ndi antchito akudya ndalama zoposa zimene gemu ikubweretsa, imangotseka. Kwa zaka zoposa makumi awiri tsopano pakhala anthu, ambiri mwa iwo osalipidwa ndi aliyense, amene amamanga seva ina yotsanzira yakaleyo mpaka makina n'kupusitsika.

Ntchitoyi inakula ndi Dreamcast ya Sega, imene inatuluka ku Japan mu 1998, patangotha chaka MalawiNet itayamba kugulitsa intaneti m'dziko muno. Dreamcast inkabwera ndi modemu yake yoimbira pa foni yapansi, ndipo gemu ya Phantasy Star Online, ya mu 2000, inakopa anthu ochuluka kuti azisaka zilombo limodzi ali m'mayiko osiyana. Sega inasiya kupanga makinawa mu 2001 ndipo maseva anatsekedwa mmodzimmodzi. Okonda gemuyi anamanga awo, monga Schthack ndi Sylverant. Kenako panabuka vuto lina: mafoni apansi anayamba kutha m'makomo. Luke Benstead anakonza DreamPi, kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kolumikizidwa ndi modemu. Dreamcast ikafuna kuimba, kakompyutako kamaliza kaphokoso kaja ka laini ya foni, kamayankha ngati kampani ya intaneti ya kale, n'kudutsitsa uthengawo pa intaneti ya masiku ano. Makinawo sadziwa n'komwe kuti palibe foni imene yaimbidwa.

Makampani sanangoyang'ana. Mu 2002 Blizzard inasumira anthu amene anapanga bnetd, seva yotsanzira Battle.net ya magemu a pakompyuta, ndipo mu 2005 khoti la apilo ku America linagamula mokomera kampaniyo. Mfundo zazikulu zinali ziwiri: pogula gemu anthuwo anavomera pangano loletsa kufukula mkati mwake, komanso seva yawo sinkatsimikiza nambala yosonyeza kuti diski ndi yogula, zimene zinkatsegulira khomo okopera. Kuyambira pamenepo ambiri ochita ntchitoyi amabisala kumbuyo kwa mayina ongopeka ndipo amapewa kulipiritsa.

Microsoft inatsegula Xbox Live pa 15 Novembala 2002 n'kuitsekera Xbox yoyamba pa 15 Epulo 2010. Kagulu ka osewera Halo 2 kanakana kuzimitsa makina awo, podziwa kuti akangotuluka sadzalowanso, ndipo womaliza anagwa m'mwezi wa Meyi. (Kuno ESCOM ikanathetsa mpikisano umenewo tsiku lomwelo.) Xbox Live inali yokhomedwa kwambiri, uthenga wake wonse wobisidwa, moti panatenga zaka 12 kuti gulu la Insignia liitsegulenso, pa 15 Novembala 2022.

Chaka chimene chinaphunzitsa anthu kwambiri ndi 2014. Magemu a Nintendo DS ndi Wii ankadalira maseva a kampani ina, GameSpy, imene Glu Mobile inagula mu 2012. Mu Febuluwale 2014 Nintendo inalengeza kuti Nintendo Wi-Fi Connection itsekedwa pa 20 Meyi, ndipo GameSpy yonse inali kutha kumapeto kwa mwezi womwewo. Panatsala miyezi itatu yokha, ndipo anthu anaigwiritsa ntchito mwanzeru. Ankaika kompyuta pakati pa makina a gemu ndi intaneti, n'kujambula timauthenga tonse todutsa pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Wireshark: makina anena chiyani polowa, seva yayankha chiyani, mndandanda wa anzako ukubwera motani, mpikisano ukuyamba ndi mawu ati. Ankapemphana kuti aliyense amene ali ndi gemu, ngakhale yosatchuka, aisewere n'kutumiza zimene wajambula. Changu chimenechi chinali ndi chifukwa chake. Seva ikadali moyo umamva mbali zonse ziwiri za kukambirana. Ikafa umatsala ngati munthu womvetsera mnzake akulankhula pafoni, n'kumayesa kulota zimene wa mbali inayo akuyankha. Zikatero pamafunika kutsegula pulogalamu ya gemu yeniyeniyo, kuwerenga malamulo ake mzere ndi mzere, kufufuza yankho limene ikudikira, kuyesa, kukanidwa, kusintha nambala imodzi n'kuyesanso.

Pa 10 Meyi 2014, masiku khumi Nintendo isanatseke, anthu awiri odziwika ndi mayina akuti Wiimm ndi Leseratte anatsegula seva yawo yotchedwa Wiimmfi, ndipo osewera Mario Kart Wii anasamukira kumeneko osadukiza. Gulu lina linapanga AltWFC n'kuika malamulo ake poyera kuti aliyense athe kuyendetsa seva yakeyake.

Kulozera makina ku seva yatsopano n'kosavuta. Makina amafunsa kaye DNS, imene imasunga maadiresi a pa intaneti, kuti seva ya kampani ili kuti, ndiye mukasintha nambala ya DNS mumawapatsa adiresi ina. Chovuta ndi chidindo. Makina amafuna satifiketi yosainidwa ndi Nintendo asanakhulupirire seva iliyonse, n'chifukwa chake poyamba munthu ankayenera kusintha gemu yake kuti isiye kufunsa. Mu 2018 wofufuza wotchedwa shutterbug2000 anapeza kuti DS siyang'ana ngati mwini satifiketi ali ndi mphamvu zosainira ena. Satifiketi iliyonse yochokera kwa Nintendo, ngakhale yotengedwa mu Wii wamba, inkatha kusainira seva yatsopano. Chibowo chimene kampani inasiya mosadziwa ndicho chinapulumutsa magemu ake.

Kwa PlayStation 2 zinthu zinali zobalalika, chifukwa Sony inasiyira kampani iliyonse kuyendetsa seva ya gemu yake. Chowagwirizanitsa chinali DNAS, chipata chotsimikiza kuti diski ndi yeniyeni, chimene chinatsekedwa mu 2016. Gemu iliyonse inafunika anthu akeake. Resident Evil Outbreak inaukitsidwa mu 2014, Metal Gear Online inapeza gulu la SaveMGO, ndipo okonda mpira anapanga Fiveserver kuti PES 5 ndi PES 6 ziseweredwenso pa intaneti eni ake a Konami atazisiya.

Pofika nthawi ya Wii U ndi 3DS anthu anali atachenjera. A gulu la Pretendo Network anayamba kumanga zaka zingapo Nintendo isanalengeze kanthu, akuphunzira NEX, njira yolankhulirana imene Nintendo inamanga pa luso la kampani ya ku Canada ya Quazal. Pa 8 Epulo 2024 maseva anazimitsidwa, ndipo nthawi yomweyo Pretendo inatulutsa chibowo chimene inkasunga mwachinsinsi, SSSL, cholola Wii U kulowa posintha DNS yokha. Anadikira dala, poopa kuti akaulula msanga kampani ikanachitseka.

Ine ndimaona kuti mlandu wa anthuwa ndi womveka, ndipo umamveka kwambiri kwa ife ogula zinthu zimene ena anagwiritsapo kale. Kampani ikamawerengera moyo wa makina imayang'ana wogula woyamba wa ku Tokyo kapena London. Mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Limphasa amene wagulira mwana wake PS2 kapena PS3 akakolola salowa m'masamu amenewo. Komabe tisanamizane kuti seva ikauka basi zatheka. Maseva amenewa amatsamira pa anthu ochepa, ndipo mmodzi akatopa kapena akakangana ndi anzake zonse zimatha kugwa. Kuthana ndi obera pamasewera kumadyanso nthawi yawo yambiri.

Palinso zopinga zathuzathu. Magemu ambiri a Wii amagwiritsa seva pongokumanitsa anthu, kenako makina amalankhulana okha mwachindunji. Intaneti ya pafoni, imene ndiyo ambiri tili nayo, kawirikawiri imaika makasitomala ochuluka kumbuyo kwa adiresi imodzi, choncho uthenga wochokera kunja umasowa khomo lolowera, ndipo wosewera Mario Kart Wii amangoona nambala 86420 pasikirini. Magemu a DS nawo amafuna Wi-Fi yosakhoma kapena ya loko wakale wa WEP, amene mafoni a lero sapereka. Onjezani mtunda wa ku Ulaya, umene umachedwetsa uthenga pa gemu yofuna changu, ndi mtengo wa bandulo.

Malamulo akusuntha, koma pang'onopang'ono. Mu 2015 Library of Congress ya ku America inalola munthu kuthyola loko wa gemu imene seva yake inatsekedwa kuti azisewera yekha, ndipo mu 2018 inapatsa malaibulale ndi nyumba zosungira zakale mpata wokulirapo, koma osati wotsegulira aliyense pa intaneti. Ubisoft itatseka The Crew pa 31 Malichi 2024, gemu imene sinkayaka n'komwe popanda seva, Ross Scott anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo mu Julayi 2025 pempho lake ku European Union linadutsa masiginecha 1 miliyoni. Pempholo silikukakamiza kampani kuyendetsa seva mpaka kalekale. Likufuna kuti potseka, izisiya gemu ili yoti wogula angathe kuiseweranso.