Cuamba ndi kusowa kwa akatswiri a maluso awiri

Nkhondo ya kuno ku Mozambique itatha mu 1992, ophunzira kwambiri ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba anali owerengeka. Mabanja ambirimbiri anali atathawira ku Malawi. Mu 1999 Universidade Católica de Moçambique inatsegula sukulu ya zaulimi ku Cuamba, tauni ya njanji ndi thonje yomwe Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo. Ana athu anayamba kuphunzira kafukufuku wa nthaka ndi mbewu kwawo konkuno. Koma lero olemba ntchito akufuna munthu mmodzi wodziwa munda, wodziwanso kulemba mapulogalamu a kompyuta osanthula ziwerengero za mvula ndi zokolola. Zimandiwawa kuti wotereyu kawirikawiri amakamusaka ku Maputo. Inu aphunzitsi a ku Cuamba, phunzitsani ziwirizi pamodzi.