Hóquei em patins: zida zoyambira nazo

Mwina munaonapo mwana akuthamanga pa simenti atavala nsapato za matayala. Nsapato zimenezi pa Chipwitikizi amati patins. Pali masewero amene anthu amavala nsapato zotere, amagwira ndodo yokhota kunsonga, n'kumalimbirana kampira kolimba. Dzina lake ndi hóquei em patins. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 5 m'bwalo: osewera 4 ndi goloboyi mmodzi.

Musati ndi masewero a eni ake kutali. Mu 2011, pa mpikisano wa dziko lonse ku San Juan, ku Argentina, timu ya Mozambique inakhala nambala 4. Anaiposa ndi Spain, Argentina ndi Portugal basi. Makalabu odziwika ali ku Maputo, monga Desportivo ndi Ferroviário. Nanga inu amene muli kuno ku Tete, kapena mwana wanu akukuvutitsani kuti akufuna kuyamba, mugule chiyani?

Yambani ndi nsapato, koma apa chenjerani, chifukwa zilipo za mitundu iwiri. Zina zili ndi matayala 4, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, ngati galimoto, ndi labala yoimira kunsonga ya phazi. Izi ndi zimene amasewerera m'makalabu a m'dziko lino. Zina matayala ake amandandalika pa mzere umodzi. Zimenezi ndi za hóquei em linha, masewero ena amene ndodo yake ndi yaitali ndipo m'malo mwa mpira amamenya kachinthu kaphwatalala. Ngati mukufuna kuti tsiku lina mudzalowe kalabu, gulani za mtundu woyamba. Woyamba kumene amaimanso bwino pa zimenezi.

Nsapato igwire phazi ndi akakolo, isagwedere. Makolo ambiri amagula zazikulu, akuti mwana akulira momwemo. Pa nsapato za kusukulu zimatheka, koma apa ayi. Phazi likamasewera m'kati, mwana agwa ndithu, mwinanso kubinya mwendo. Zakaunjika si zoipa. Ingozunguzani tayala lililonse ndi chala musanapereke ndalama. Likamalira kapena kuima msanga, ndiye kuti mabeyaringi atha.

Kenako zodzitetezera. Zofunika ndi zovala m'maondo, zotchinga miyendo kutsogolo, ndi magolovesi ochindikala. Mpira wake ndi waung'ono, wolemera magalamu 155, koma ndi wolimba ngati mwala. Ukakumenyani pa fupa simuiwala. Anyamata ndi abambo avalenso chotchinga kumaso. Akatswiri ambiri sasewera ndi chisoti kupatula goloboyi, koma inu amene mukuphunzira valani, chifukwa masiku oyamba munthu amagwa chagada.

Ndodo muigule pomalizira. Ndi yamtengo, kutalika kwake kuyambira masentimita 90 mpaka 115, ndipo sipyola magalamu 500. Mwana mumpezere yaifupi. Zida za goloboyi zisiyeni kaye, n'zodula.

Bwalo lenileni ndi mamita 40 m'litali, mamita 20 m'lifupi, lofanana ndi la futsal. Choncho bwalo la simenti losalala la futsal kapena la basketball likukwanirani, mukapempha kwa eni ake. Pamsewu ayi. Musanayambe, sesani. Kamwala kamodzi kokha kamaimitsa tayala, munthu n'kuuluka. Mchenga nawo umalowa m'mabeyaringi, ndiye mukamaliza pukutani matayala ndi kansanza kouma, osati kuwatsuka ndi madzi.

Dzuwa la ku Tete mukulidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Sewerani m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, botolo la madzi lili pafupi. Masabata oyamba ndodo ikhale pambali. Pindani maondo, weramirani kutsogolo pang'ono, phunzirani kuyenda, kukhota ndi kuima. Mukatha kuima pamene mwafuna, tengani ndodo ija.